Luso la wolosera lili pa kuwerenga maelekitironi

Mu May 2024, kuwala kofiira kwa aurora kutaoneka mpaka ku South Africa ndi ku Namibia, anthu anaombera m'manja olosera nyengo ya m'mlengalenga. Ananena kuti kukubwera namondwe wamkulu wa maginito, ndipo anafikadi. Ulemu wawo sindikuwalanda. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti luso lonseli tayamba kuliyeza ndi zithunzi zokongola za kumwamba. Mtambo umene dzuwa limalavula, womwe umabweretsa namondwe wotereyu, umayenda tsiku limodzi, awiri kapena atatu usanafike kuno, ndipo makamera amauona ukunyamuka. Wolosera amakhala ndi mpata wowerengera n'kubwereza. Mayeso enieni a mmisiri ndi mapulotoni, amene amatha kufika ola lisanathe, kuboola khoma la chombo, kusokoneza makompyuta a setilaiti ndi kuwononga maselo a munthu amene ali kunja kwa chitetezo cha dziko.

Taonani mmene ntchitoyi imayendera masiku onse. Masetilaiti a GOES, a bungwe la NOAA, amawerenga mapulotoni a mphamvu yoposa 10 MeV. Chiwerengero chikadutsa 10 pa muyezo wawo, ofesi ya bungweli ya ku Boulder, Colorado, imalengeza S1. Chikafika 100 ndi S2, mpaka S5 pa 100,000. Muyezowu ndi wabwino polemba mbiri, koma ukamalira ndiye kuti mlendo walowa kale m'nyumba. Ena amayang'ana kukula kwa moto wophulika padzuwa n'kuyerekeza ndi ziwerengero za m'mbuyo, ndipo amakuuzani mwayi wa mawa pamene inu mukufuna kudziwa za mphindi 30 zikubwerazi. Za amene akuunjika zithunzi za dzuwa m'kompyuta kuti idziphunzitse yokha kulosera, ndidzawamvera tsiku limene adzafotokoze chimene kompyutayo yaona.

Njira imene imandigwira mtima ndi ya Arik Posner, yomwe anaisindikiza mu 2007 ndipo lero imatchedwa REleASE. Maganizo ake ndi osavuta, mwina n'chifukwa chake satamandidwa mokwanira. Dzuwa likaphulika limatulutsa maelekitironi ndi mapulotoni pafupifupi nthawi imodzi. Elekitironi ndi yopepuka, moti ya 1 MeV imathamanga liwiro loyandikira la kuwala, n'kufika kuno m'mphindi zongopitirira 10. Pulotoni imalemera kuposa elekitironi maulendo 1,836, ndipo ya 30 MeV imayenda pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro la kuwala, n'kutenga mphindi ngati 40. Zili ngati ana amene amatulukira pabwalo akuthamanga, akuluakulu akadali m'njira ndi katundu pamutu: ukaona anawo, yala mphasa. Posner anasanthula zimene chipangizo cha EPHIN, chopangidwa ku yunivesite ya Kiel, chinalemba kwa zaka zambiri pa chombo cha SOHO, n'kuona kuti zinthu ziwiri zimaulula zambiri: kuchuluka kwa maelekitironi, ndi changu chimene chiwerengero chawo chikukwerera. Kukwera kwa phamphu kumatanthauza kuti mapulotoni ali pafupi ndipo abwera ambiri. Kukwera kwa pang'onopang'ono kumapereka mpata. Pa ziwirizi anakonza tebulo lotha kuchenjeza mpaka ola lathunthu zinthu zisanaipe.

Kukoma kwake kuli apa. Tinthu timeneti sitiyenda molunjika ngati kuwala. Timatsata mizere ya maginito yochokera padzuwa, ndipo mizereyo ndi yokhota chifukwa dzuwa limazungulira, monga anasonyezera Eugene Parker mu 1958. Choncho moto waukulu wa kum'mawa kwa nkhope ya dzuwa ukhoza kutiphonya, pamene wina wa kumadzulo, ngakhale wobisika kuseri kumene kamera yathu siona, n'kutipeza. Wolosera wodalira chithunzi amangoganizira ngati njira yochokera pamotopo ikufika kwa ife. Wowerenga maelekitironi saganizira, chifukwa mthenga wadutsa m'njira yomweyo ndipo wafika m'chipangizo. Ndi umboni uti woposa pamenepa?

Komabe chipangizo sichilankhula chokha, ndipo apa m'pamene mmisiri amasiyana ndi wongowerenga manambala. Mkati mwa EPHIN muli timbale topyapyala ta silicon tosanjikizana. Kanthu kakalowa kamasiya mphamvu pang'ono m'kambale koyamba, yambiri kapena yochepa m'kachiwiri, mpaka kataima. Poyerekeza zimene kasiya m'mbale iliyonse ndi pamene kaimira, umadziwa ngati ndi elekitironi, pulotoni kapena helium. Namondwe akakula, tinthu timalowa tambiri nthawi imodzi ndipo mapulotoni amayamba kudzionetsa ngati maelekitironi. Nthawi ya bata nayo ili ndi msampha wake, popeza pulaneti ya Jupiter imatumiza maelekitironi akeake amene amachuluka kuno pa miyezi 13 iliyonse. Amene sadziwa zimenezi adzaimba belu pachabe.

Phunziro limeneli ndi lakale ngati lusolo. Mu 1958 kachipangizo ka Geiger ka James Van Allen pa Explorer 1 kankawerenga bwinobwino chombo chikakhala m'munsi, koma chikakwera kankasonyeza ziro. Wina akanalemba kuti kumeneko kulibe cheza. Van Allen ndi anzake ku Iowa anazindikira kuti kachipangizoko kathedwa mphamvu ndi kuchuluka kwa tinthu, ndipo umu ndi mmene malamba a cheza ozungulira dziko anatulukidwira. Mu October 2003 chipangizo cha MARIE pa chombo cha Mars Odyssey, chimene ntchito yake inali kuyeza cheza, chinaleka kugwira ntchito pa namondwe wa dzuwa. Wolosera wosadziwa pamene chida chake chimathera nzeru alibe luso, ngakhale akhale ndi makompyuta odzaza nyumba.

Otsutsa amatchula 20 January 2005, tsiku limene mapulotoni amphamvu kwambiri anafika pafupifupi mphindi 15 moto wa padzuwa utangooneka. N'zoona, pa tsiku lotere mwana ndi wamkulu amalowa limodzi, ndipo palibe njira imene ikanapereka ola. Amatchulanso machenjezo onama, pamene maelekitironi afika koma mapulotoni osatsatira. Zimenezo zimachitika, ndipo ziyenera kuwerengedwa poyera. Koma taikani pa sikelo. Chenjezo lonama limatayitsa woyenda m'mlengalenga maola angapo a ntchito. Chenjezo lochedwa limamusiya panja. Mu August 1972, pakati pa ulendo wa Apollo 16 mu April ndi wa Apollo 17 mu December, kunabwera namondwe wa mapulotoni amene akanadwalitsa koopsa munthu wopezeka pamwezi atangovala suti yake. Unali mwayi chabe kuti kunalibe aliyense. Chombo cha Orion chili ndi njira yakuti anthu abisale pakati, atadzitchinga ndi matumba a katundu wawo, koma kumanga pobisalira potero kumafuna mphindi, ndipo mphindizo amapereka ndi maelekitironi.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti luso lotere likutsamirabe kwambiri pa SOHO, chombo chimene chinaulutsidwa mu December 1995 kuti chigwire ntchito zaka ziwiri, ndipo nkhani zake zimafika pompopompo pokhapokha chikalumikizana ndi madishi apansi. Malo olosera akuchuluka, kuphatikizapo a bungwe la SANSA ku Hermanus, South Africa, amene kuyambira 2022 amagwira ntchito usana ndi usiku, koma onse amamwa pa zitsime zochepa zomwezo. Chombo chilichonse chopita kutali chiyenera kunyamula chowerengera maelekitironi chabwino, chotumiza manambala mosadukiza. Ndipo tikamayamikira wolosera, tizimufunsa mafunso atatu: unapereka mphindi zingati, unaimba belu pachabe kangati, ndipo unaphonya anamondwe angati? Amene angayankhe atatuwa ndi manambala, ameneyo ndiye mmisiri.