Pamene Matenda Anabvekedwa Nsalu ya Chipani

Pa 2 Epulo 2020, Pulezidenti wa nthaŵiyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi matenda a korona m'dziko muno. Tikakumbukira moona mtima, ambiri a ife sitinafunse kuti matendawo amagwira bwanji kapena amapha yani. Tinayamba tafunsa kuti wanenayo ndani, nanga afuna kupindulanji. Dziko linali kukonzekera chisankho chobwereza, ndipo manong'onong'o anali akuti mliriwu ndi machenjera ofuna kuzengereza tsiku lovota. Boma litalamula kuti anthu abindikire masiku 21, Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo pa 17 Epulo. Sitidzudzula amene anakadandaula, pakuti mayi wogulitsa mandasi sangatsekeredwe m'nyumba mopanda ufa. Chimene tidzudzula n'chakuti zipani zonse zinapitiriza kuunjika zikwi za anthu m'mabwalo a misonkhano mpaka chisankho cha pa 23 Juni. Ngakhale mwana anaona kuti akuluakulu salabadira zimene iwo eni akulengeza.

Koma kachirombo sikadikira chisankho. Kakaloŵa m'thupi kamadzichulukitsa, ndipo pochulukanapo pamachitika zophonya zing'onozing'ono, monga mlembi wotopa amaphonyera chilembo pokopera kalata. Zambiri mwa izo zilibe kanthu, koma mwa apo ndi apo chimodzi chimakapatsa mphamvu yofala msanga kapena yozemba chitetezo cha thupi. Ogwidwa akamachuluka, mpata wobadwira mtundu watsopano umakulanso. Mu Disembala 2020 akatswiri a ku South Africa analengeza za mtundu umene pambuyo pake unatchedwa Beta. Mwezi wotsatira maliro anawirikiza kuno kwathu, ndipo pa 12 Januwale 2021 nduna ziŵiri za boma latsopano, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Amene dzana anali kudzaza mabwalo, tsopano ndiwo anali kutichonderera kuti titalikirane.

Katemera anafika mu Malichi, ndipo mwezi wotsatira lipoti la wofufuza chuma cha boma linaulula kuti gawo la K6.2 biliyoni zolimbanirana ndi mliri linathera m'maalawansi ndi malonda okayikitsa. Munthu wa kumudzi atamva zotere, tingamdabwe bwanji akatchera khutu kwa wonong'oneza kuti katemera amatseka uchembere? Mphekeserayo inali bodza lamkunkhuniza, komabe inagwera m'munda wolimidwa kale. Pa 19 Meyi, ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, boma linaotcha madozi 19,610 a katemera amene anatha nthaŵi yake. Tisaiŵale kunena kuti katemerayo anatumizidwa kuno atatsala ndi masabata osakwana atatu. Mlandu sunali wa okayika okha.

Anansi athu a ku Tanzania anafika nazo patali. Boma la a John Magufuli linaleka kufalitsa chiŵerengero cha odwala, ndipo mu Juni 2020 iwo analengeza kuti mapemphero athetsa mliriwo m'dziko lao. Mu Januwale 2021 anachenjeza anthu kuti katemera wa azungu ngwoopsa. Kutsutsa mau amenewo kunali ngati kuukira boma. Komabe maepiskopi a dzikolo, ngakhale Pulezidentiyo anali mkhristu wao, sanakhale chete, ndipo mu Malichi mlembi wa bungwe lao anaulula kuti ansembe opitirira 25 ndi masisteri 60 anamwalira m'miyezi iŵiri yokha. Oika maliro sanamizika. Mu Julayi chaka chomwecho, Pulezidenti watsopano, mayi Samia Suluhu Hassan, analandira katemera anthu akupenya.

Nawo maiko olemera ali ndi poyankha. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anachita chilungamo pouza dziko lonse za mtundu wa Omicron, ndipo malipiro ake anali akuti America ndi Britain anatsekera zitseko apaulendo ochokera m'maiko a kuno, kuphatikizapo Malaŵi. Wonena zoona akalangidwa chotere, maŵa adzanenanso? Omicron yemweyo anaonetsanso kuti wobayitsa akhoza kugwidwabe. Ntchito yaikulu ya katemera inali kuchepetsa kudwala kwakayakaya ndi imfa, ndipo imeneyo anaigwiradi. Koma kumene olengeza analonjeza zopitirira apo, pofuna kukopa anthu msanga, chimfine cha wobayitsa mmodzi chinasanduka umboni m'manja mwa okana.

Mu Meyi 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalengeza kuti korona salinso ngozi yadzidzidzi. Kukayika kwathu sikunathe naye limodzi. Kolera amene anabuka mu 2022 anatenga miyoyo yopitirira 1,700, ndipo m'madera ena anthu anaukira zipatala ndi azaumoyo, ati ndiwo akufalitsa matendawo. Achipatala amene anathaŵa miyala masiku amenewo ndi omwewo amene amatibayira ana athu katemera wa chikuku ku sikelo.