Khutu la Wojambula: Momwe a WITCH Ankapangira Zimbale Zawo

Anthu ambiri akamva nyimbo yokoma amatamanda woyimba, ena amatamanda wopeka, koma ndi ochepa amene amafunsa za chipinda chomwe nyimboyo idajambulidwira, kapena za khutu la munthu amene adasakaniza mawu ake. Komatu chimbale ndi nyimbo yomwe yayenda ulendo m'makina, ndipo pa ulendowo mawu ena amakwezedwa, ena amatsitsidwa, ena amatayikiratu. Ife alembi tikudziwa zimene mkonzi amachita ndi nkhani zathu. Wosakaniza mawu mu situdiyo ndiye mkonzi wa oyimba. M'nkhani ino ndikufuna kuunika zimbale za gulu la WITCH la ku Zambia, chifukwa ndikukhulupirira kuti mphamvu yake idachokera pa chinthu chimodzi chomwe ife tikuchitaya: oyimba kumverana m'chipinda chimodzi.

Gululi lidabadwira ku Kitwe, m'dera la migodi ya kopa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mtsogoleri wake pa mayikolofoni, Emmanuel Chanda, adapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa chodumpha pa siteji ngati Mick Jagger wa Rolling Stones. Anyamatawa adatenga rock ya ku Britain ndi ku America n'kuiphika mu mphika wakwawo, ndipo chamba chomwe chidatuluka chimatchedwa Zamrock. Kwa ife a ku Namitete, amene tili m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji mpaka ku Chipata, nyimbo za ku Zambia si za alendo ayi. Malire adagawa maboma, koma wayilesi ndi chiyankhulo sizidafunse chiphaso.

Chimbale chawo choyamba, Introduction, adachijambulira ku Chingola mu situdiyo ya Malachite, yomwe ntchito yake yeniyeni idali ya mafilimu, ndipo tepi adainyamula kupita nayo ku Nairobi kuti akadinde malekodi. Mukachimvera lero mudzamva umphawi wa zipangizo: ng'oma zikumveka ngati zili kuseri kwa chitseko, ndipo oligani nthawi zina ikupondereza gitala. Koma mudzamvanso kuti anthuwa akuyang'anana m'maso. Woyimba akakoka mawu, wa ng'oma akumudikira. Wa gitala akathamanga, wa besi akumutsatira.

Kuti timvetse chifukwa chake, tikumbuke momwe tepi inkagwirira ntchito. Makina a nthawi imeneyo adali ndi mizere yowerengeka yolandirira mawu. Ngakhale a Beatles adajambula chimbale chawo chotchuka cha Sgt. Pepper mu 1967 ku London pa makina a mizere 4 yokha. Mizere ikachepa, zida zingapo zimalowa mu mzere umodzi, ndipo zikalowa sizipatukanso, monga ufa ndi madzi zikasanduka nsima. Choncho m'masitudiyo ang'onoang'ono kusakaniza kunkayamba tepi isanazungulire. Chida chaphokoso ankachisunthira kutali ndi mayikolofoni, chofatsa ankachiyandikiza, ndipo mmodzi akaphonya onse ankayambiranso. Gulu losakonzeka linkalipira ulesi wake ndi ndalama za tepi.

Nzeru imeneyi kwathu kuno si yachilendo. Pitani pa bwalo la gule ku Kabudula kapena ku Nsaru. Amuna amawamba ng'oma pamoto mpaka iliyonse itapeza liwu lake, mpanje ukugunda pansi, mbalule ikulankhula pamwamba motsatira phazi la wovina, amayi ataima mbali yawo ndi nyimbo ndi m'manja. Palibe makina, koma aliyense amadziwa malo ake ndi mlingo wake. Kumeneko ndiye kusakaniza mawu. Zimbale zoyamba za WITCH zili ndi mwambo wa pabwalo womwewo, ngakhale zida zake ndi zamagetsi.

Chimbale chomwe ambiri amati ndicho chidaposa zonse, Lazy Bones!!, chidajambulidwa mu 1975 ku dB Studios mu mzinda wa Lusaka. Apa wosakaniza adasankha mfumu ya chimbale, ndipo mfumuyo ndi gitala. Gitalayo idadutsa m'kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, komwe kamakhadzula mawu a nsambo kuti azilira ngati mavu okwiya. Mawu amenewa sadawabise kumbuyo, adawaika pakhomo penipeni, moyandikana ndi liwu la Jagari. Ndi chisankho cholimba mtima, ndipo ndicho chimapatsa chimbalechi nkhope yake. Komabe chili ndi mtengo wake. M'khutu mwanga ng'oma za m'chimbalechi ndi zowonda, ndipo kwa gulu la m'dziko lomwe ng'oma ndi msana wa nyimbo, kuwonda kumeneku n'kutaya cholowa. Dandaulo langa lachiwiri ndi chiyankhulo: nyimbo zake zili m'Chingerezi, ndipo pena zimamveka ngati malaya obwereka. Pa Lukombo Vibes cha mu 1976 adayamba kubwerera ku magule akwawo, ndipo ndimaona kuti ng'oma zidapatsidwako ulemu.

Pa nkhani ya chiyankhulo, Paul Ngozi wa ku Lusaka ndi gulu lake la Ngozi Family adali patsogolo. Chimbale chawo cha 45,000 Volts cha mu 1977, chojambulidwa ku Nairobi, chili ndi gitala yaukali kuposa ya WITCH, koma pamwamba pake pamamveka Chinyanja cha m'makomboni. Mu 2024, patatha zaka 35 Ngozi atamwalira, woyimba wa ku America Tyler, the Creator adatenga chidutswa cha nyimbo ya m'chimbalechi yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kumangapo nyimbo yake ya Noid. Onani, awerengi, kuti chomwe chidawoloka nyanja ndi liwu la munthu woyimba m'chiyankhulo chake, lojambulidwa likadali lotentha.

Pano ndiyenera kuchenjeza. Kuyambira pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idatulutsanso zimbale za WITCH mu 2012, olemba ambiri akunja akhala akuyamikira kukhakhala kwa mawu ake ngati kuti oyimbawo adasankha dala zipangizo zoperewera. Uku n'kukonda umphawi wa mnzako uli wokhuta. Anyamata aja akadapatsidwa makina abwino akadawalandira ndi manja awiri. Ndipo umphawi womwewo ndi umene udapha chambachi. Boma la Kaunda lidalamuladi chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wayilesi zikhale za m'dzikomo, koma mtengo wa kopa utagwa anthu adasowa ndalama zogulira malekodi. Jagari adasiya gululi, otsalawo adatembenukira ku disiko ndi chimbale cha Movin' On mu 1980, kenaka imfa idawatola mmodzimmodzi. Choyenera kusirira si kuperewera kwa makina, koma mwambo umene kupereweraku kudawaphunzitsa.

Umboni wake udabwera mu 2023. Jagari ndi Patrick Mwondela, woyimba kiyibodi wa m'nthawi ya disiko ija, pamodzi ndi achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, adatulutsa chimbale cha Zango. Akadatha kuchijambulira mu situdiyo yamakono ya ku Ulaya, koma adabwerera ku dB Studios komwe kudabadwira Lazy Bones!!. Zango n'choyera kuposa zakale, besi yake ndi yonenepa, ng'oma zake zikumveka bwino lomwe. Ukali wa unyamata udachepako, pakuti nkhalamba sidumpha ngati mnyamata, koma kumverana kuja kulipo.

Tsono tibwerere kwathu. Kale oyimba athu ambiri ankadalira situdiyo za MBC, komwe gulu lonse linkaimirira pamodzi kutsogolo kwa mayikolofoni. Lero kompyuta yatsegula khomo kwa aliyense, ndipo ichi n'chabwino. Koma ndamvera makwaya a ku Nambuma, a ku Mpingu ndi a kwathu komwe, amene amasonkha ndalama za mtedza ndi fodya kwa miyezi kuti akajambule m'tauni. M'tchalitchi amayimba mpaka tsitsi kuima pamutu. Akafika mu situdiyo amauzidwa kuti chipinda n'chaching'ono, alowe anayi okha, mmodzimmodzi. Ng'oma yawo itsale panja chifukwa kiyibodi ili ndi yake. Amabwerako ndi chimbale chosalala, chopanda cholakwa, koma chofanana ndi cha kwaya ina iliyonse ya m'dziko muno. Wojambula wakonza nyimbo yawo mpaka eni ake kusowamo, ngati mkonzi amene walemberanso mlembi nkhani yonse m'mawu akeake.

Sindikunena kuti titaye kompyuta tikasake matepi akale. Ndikunena kuti gulu lizipita kokajambula litapsa kale, ndipo lizilimba mtima kufunsa wojambula kuti abwere ndi mayikolofoni ake kutchalitchi kapena pabwalo pomwe limayimbira. Ndikunenanso kuti wosakaniza mawu, asanagwire batani lililonse, aziyamba wamvera gululo likuyimba lonse pamodzi, kuti adziwe chomwe ayenera kusunga. Ife olemba za nyimbo nafenso tili ndi gawo lathu: pounika chimbale tizitchula amene adachijambula ndi amene adachisakaniza, tiziwatamanda akachita bwino ndi kuwadzudzula akameza oyimba. Mlimi wogulitsa thumba la mtedza kuti kwaya yake ijambule ali ndi ufulu womva liwu lake m'chimbale chomwe walipira.