Kodi SMTP Ndi "Njira Yosavuta Yotumizira Makalata"?

M'kabuku kena ka mawu a zamakompyuta kamene aphunzitsi ena akugwiritsa ntchito, dzina loti Simple Mail Transfer Protocol, mwachidule SMTP, alimasulira kuti "njira yosavuta yotumizira makalata". Chicheŵa chake n'chosalala, ndipo malembedwe ake alibe banga. Koma womasulirayo adangotsata mawu a Chingerezi limodzilimodzi osayamba wafunsa mmene chinthucho chimagwirira ntchito. Mwa mawu anayi amene adasankha, atatu akusocheretsa woŵerenga.

Tiyambe ndi "njira". SMTP adailongosola Jon Postel wa ku University of Southern California m'chikalata chotchedwa RFC 821 m'chaka cha 1982, ndipo idakonzedwanso mu 2001 ndi mu 2008. Chikalatacho sichinena za msewu umene imelo imadutsamo ayi. Chimanena za mmene maseva aŵiri, ndiye kuti makompyuta osamala makalata, ayenera kulankhulirana. Seva yobweretsa kalata ikaodira, yolandira imavomera ndi nambala 220. Apo mlendoyo amadzitchula dzina ndi mawu oti HELO kapena EHLO, amatchula mwini kalata ndi MAIL FROM, amatchula wolandira ndi RCPT TO, amapereka uthengawo atanena DATA, kenaka n'kutsazika ndi QUIT. Akanena chilichonse amayembekeza yankho: 250 ngati zavomerezeka, 550 ngati keyala yakanidwa, 503 ngati walumpha gawo. Aliyense amene adakhalapo pabwalo la amfumu akudziŵa kuti zotere timazitcha mwambo: wina amayamba, wina amayankha, ndipo wolankhula nthaŵi yake isanakwane amabwezedwa.

Mawu oti "yotumizira" si olakwika kotheratu, koma akubisa mutu wa nkhani. Wotumiza kalata amangoiponya n'kuchoka. Mu SMTP seva yobweretsa siichotsa kalatayo m'manja mwake mpaka inzake itavomera ndi 250, ndipo kuyambira pamenepo udindo woifikitsa kapena wonena kuti yalephera umakhala wa yolandirayo. Uku n'kupatsirana. Ena adzadandaula kuti mawuŵa timaŵamva kwambiri pa nkhani za matenda, koma mneni sakhala wa kuchipatala kokha. Omanga nyumba amapatsirana njerwa tsiku ndi tsiku. Wophunzira akamvetsa izi adzazindikiranso chifukwa chake kuŵerenga makalata amene afika kale ndi ntchito ya miyambo ina, POP3 ndi IMAP.

Mawu oti "yosavuta" ndiwo aphonya kwambiri. Wachingerezi pano sakunena kuti ntchitoyo njopepuka kwa munthu. Akunena kuti malamulo ake ngochepa. Kuchepa kumeneko kudatipweteka ife amene timalemba Chicheŵa. Poyamba SMTP inkanyamula zizindikiro 128 zokha za ASCII, ndipo chilembo cha ŵ mulibemo. Panalibe lamulo logwirizana lolembera dzina loti Malaŵi mokwanira m'kalata mpaka MIME itabwera mu 1992. Kuwonjezera apo, malamulo a 1982 sankatsimikiza ngati dzina limene mlendo watchula ndi lakedi, n'chifukwa chake akathyali amatha kulemba makalata m'dzina la banki kapena la bwana wa kuntchito. SPF, DKIM ndi DMARC zidabwera pambuyo pake kudzatseka mpata umenewu. Mphunzitsi wouza ana kuti njirayi "njosavuta" akuŵagoneka tulo pamene akadayenera kuŵachenjeza.

Choncho ndikupempha akonzi ndi aphunzitsi kuti zilembo zinayi za SMTP zikhale mmene zilili, popeza ndizo zimene wophunzira adzazipeza pa kompyuta, koma tanthauzo lake lilembedwe kuti "mwambo wopatsirana makalata pakati pa maseva". Liwu loti "yosavuta" lichoke. Amene ali ndi mawu oposa aŵa alembere nyuzi ino, koma ayambe aŵayesa pa zokambirana za maseva aŵiri zija.