Zolembedwa Pamutu pa Bawuti

Pa tebulo langa pali bawuti imodzi imene ndimatsindira mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Ndi ya M20, kutanthauza kuti thupi lake ndi lonenepa mamilimita 20, ndipo mutu wake umangokwana sipanala ya 30. Pamwamba pa mutuwo pali zolemba ziwiri zotumphuka: kachizindikiro ka fakitale imene inaipanga, ndi manambala akuti 8.8. Ogula ku hadiweya ambiri sayang'anako n'komwe. Amaona utali, amayesa ngati nati ikulowa bwino m'mazinga, n'kulipira, ulendo.

Komatu manambala awiriwo ndi lonjezo, ndipo ndi lonjezo lolembedwa mosasiya mpata wozembera. Malinga ndi muyezo wa ISO 898-1, nambala yoyambayo ikunena kuti kadontho kalikonse ka chitsulocho, kokula milimita imodzi uku ndi uku, kangapirire kukokedwa ndi katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 80 kasanaduke. Kadontho kochepa ngati njere ya mawere, kunyamula munthu wamkulu wathunthu! Nambala yachiwiriyo ikunena kuti chitsulocho chimayamba kutamuka kosabwereranso m'malo mwake chikafika pa magawo 8 mwa magawo 10 a mphamvu imeneyo. Mukawerengera thupi lonse la M20, mupeza kuti bawuti yanga yotsindira mapepalayi siyenera kuduka isananyamule matani oposa 20. Amenewo ndi matumba 400 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse, atalendewera pa kachitsulo konenepa ngati chala chachikulu.

Mphamvu yotereyi siibwera mwangozi. Bawuti imayamba ngati waya wokhuthala wokulungidwa m'mikombero. Makina amadula kachidutswa n'kukamenya ndi mphamvu, kali kozizira, mpaka nsonga imodzi itafufuma n'kusanduka mutu. Mazinga sawasema monga mmene ambiri timaganizira. Amakunkhuniza chitsulocho pakati pa zitsulo ziwiri zolimba za mizeremizere, ndipo chimafinyika n'kutenga maonekedwe a mizereyo popanda kutayapo ngakhale phulusa. Kusema kumadula mitsempha ya chitsulo, pamene kukunkhuniza kumangoipinda kuti itsate mazinga, motero bawuti yotere imachedwa kutopa. Mmisiri wa mipini amadziwa zimenezi: mpini wotsata mitsempha ya mtengo umakalamba ndi khasu, wodula mitsempha umathyokera m'munda.

Kenaka kumabwera moto. Bawuti amaiwotcha m'ng'anjo mpaka itafiira, n'kuiviika m'mafuta mwadzidzidzi. Ikatuluka mmenemo imakhala yolimba kwambiri koma yosachedwa kusweka, ngati galasi. Ndiye amaibwezanso pamoto wocheperako, wosachepera madigiri 425, kuti ifeweko pang'ono. Ndimaukonda kwambiri mchitidwe umenewu, woti mmisiri alimbitse chinthu mpaka pamapeto kenaka n'kubwezako dala. Osula nkhwangwa kumudzi amachita zomwezi poyang'ana mtundu wa chitsulo chikamazizira. Kusiyana kwake n'kwakuti fakitale iyenera kubwereza zimenezi pa mabawuti zikwizikwi popanda imodzi yosemphana ndi inzake.

Nati nayo ili ndi nzeru yake, ndipo kwa ine ndi imene imaposa zonse. Nati yolembedwa 8 ndiyo mnzake wa bawuti ya 8.8, ndipo anaipanga mwakuti munthu akamanga mopitirira muyezo, iduke ndi bawuti, mazinga a nati akadali bwinobwino. Chifukwa chake n'chapafupi. Bawuti ikaduka, womangayo amamva, amaona, amatenga ina. Koma mazinga akaphwanyika m'kati, amaphwanyika mwakachetechete, nati n'kumaoneka ngati yagwira pamene yangokhalapo. Amene anakonza muyezowu anavomereza kuti chinthu chilichonse chili ndi polekezera, ndipo anasankha kuti chikamalephera chilepherere pamaso pa anthu.

Tsono angatsimikize ndani kuti zolembedwa pamutuzo n'zoona? Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuwononga mabawuti abwinobwino. Pa gulu lililonse lopangidwa pamodzi amatapapo angapo n'kupita nawo ku labotale. Ina amaikoka ndi makina mpaka itayamba kuwonda pakati ngati chiuno cha mavu, kenaka phaa! Ina amaidinda ndi kansonga ka dayamondi n'kuyeza kukula kwa kabowo, kuti adziwe kulimba kwake. Ina amaiika washa wopendekeka pansi pa mutu n'kuikoka ili yokhota choncho, ndipo iyenera kudukira m'thupi kapena m'mazinga. Ikadukira m'khosi, pamene mutu wakumana ndi thupi, gulu lonselo lagwa mayeso. Zotsatira zimalembedwa pa satifiketi yokhala ndi nambala ya gululo, ndipo nambala yomweyo imakhala pa katoni. Injiniya wa pamalo omanga akhoza kulondola bawuti imodzi kubwerera nayo mpaka ku mphika umene chitsulo chake chinasungunulidwira.

Vuto ndi lakuti kudinda 8.8 pamutu n'kotsika mtengo kuposa kuwotcha, kuviika ndi kuyesa. Ndipo bawuti yabodza ndi yeniyeni, mukaziika m'manja, zimalemera chimodzimodzi, zimanyezimira chimodzimodzi. Dziko la America linaphunzira zimenezi mowawa m'zaka za m'ma 1980. Kumeneko mabawuti olimba a giredi 8 amadziwika ndi timizere tisanu ndi kamodzi pamutu. Kunapezeka kuti mabawuti ambirimbiri a chitsulo chotsikirapo, chofooka chikatentha, anali atadindidwa timizere tomweto, ndipo ena anali atalowa kale m'zida za asilikali. Komiti ya nyumba ya malamulo yotsogozedwa ndi John Dingell inatulutsa lipoti lake mu 1988, ndipo mu 1990 Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo la Fastener Quality Act. Makampani anadandaula kuti ndi lolemetsa, linasinthidwa kangapo, mpaka linayamba kugwira ntchito mu 1999. Mwa zina limafuna kuti kachizindikiro ka fakitale kalembetsedwe kuboma, kuti bawuti ikanama mwini wake apezeke. Ku Ulaya, kuyambira pa 1 July 2013, mabawuti omangira nyumba ndi milatho yachitsulo ayenera kukhala ndi chizindikiro cha CE. India nayo inatulutsa lamulo lake mu 2023, lofuna chizindikiro cha bungwe la BIS. Ife amene mabawuti athu ambiri amachokera kunja, tiyenera kumatchera khutu ku nkhani zoterezi, chifukwa katundu wokanidwa pa msika wokhwima sabwerera m'ng'anjo nthawi zonse.

Ndisanamizire kuti satifiketi imathetsa zonse. Mlatho wa pakati pa San Francisco ndi Oakland unamangidwanso mbali ya kum'mawa chifukwa chivomerezi cha mu 1989 chinagwetsa chigawo china cha wakalewo. Mu March 2013 amisiri anamanga mabawuti 96 akuluakulu, onenepa ngati mkono wa munthu, ogwira zitsulo zoteteza mlathowo ku chivomerezi. Pasanathe milungu iwiri, 32 anali ataduka okha, popanda galimoto ndi imodzi yomwe kudutsapo. Anapangidwa mu 2008, anali ndi mapepala ake, ndipo anakhala zaka ali m'maenje a konkire mmene munkalowa madzi. Chinawapha ndi haidrojeni, mpweya wa tizigawo tating'ono kwambiri moti timalowerera m'chitsulo, n'kukaunjikana pamene pali kukokedwa kwambiri, mpaka mng'alu utayamba. Chodabwitsa n'chakuti chitsulo cholimba kwambiri ndicho chimagwidwa msanga ndi matendawa. Akale pa ntchitoyi ankadziwa: muyezo wa ku America umaletsa kuviika mabawuti a mtundu wa A490 mu zinki wosungunuka pa chifukwa chomwechi. A pa mlathowo anali a mtundu wina wolimba mofanana, ndipo anaviikidwa. Kukoka bawuti kwa mphindi zingapo mu labotale sikungaonetse nthenda imene imafuna masiku kuti ionekere. Ku London, pa nyumba yosanja ya Leadenhall, mabawuti enanso akuluakulu anaduka mu 2014 ndi nthenda yomweyi. Mlatho uja unatsegulidwa mu September 2013, ndipo mainjiniya anapeza njira ina yomangira zitsulozo ndi zingwe zachitsulo zokulunga pamwamba.

Gawo lomaliza la lusoli lili m'manja mwa munthu amene wakwera pamwamba ndi sipanala. Bawuti yomangira zitsulo zikuluzikulu siigwira ntchito ngati msomali wongotsekera bowo. Imagwira ngati legeni: amaikoka dala mpaka magawo 7 mwa magawo 10 a mphamvu yake, pafupifupi matani 14 pa M20, ndipo pofuna kubwerera m'malo mwake imapanikiza zitsulo ziwirizo mwakuti sizingaterereke. Koma dzanja limanama. Pa mphamvu yonse imene munthu amaika pa sipanala, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndilo limakoka bawuti. Yotsalayo imathera m'kukhulana kwa mazinga ndi pansi pa nati. Bawuti yadzimbiri imalimba msanga isanakokeke, yamafuta imapitirira.

Choncho amisiri anapeza njira zoti diso lione zimene dzanja silingadziwe. Pali washa wa timatuza amene amaphwatalala bawuti ikakokeka mokwanira, woyendera n'kuyesa kulowetsa kachitsulo kopyapyala pampatapo. Pali bawuti ya kamchira, imene makina amaigwira kumchirako pozunguza nati, mpaka kamchira kataduka kokha pa mphamvu yoyenera. Ndipo pali njira yachoko, imene ndimaikonda chifukwa siifuna magetsi. Womanga amayamba wamanga nati mpaka zitsulo zitagundana bwino. Amajambula mzere umodzi wodutsa pa nsonga ya bawuti, pa nati ndi pa chitsulo. Kenaka amazunguza natiyo gawo limodzi mwa magawo atatu a mkombero, ngati bawutiyo ndi yaifupi. Woyendera akabwera m'mawa mwake safunsa munthu. Amayenda m'mbali mwa mtanda wachitsulowo akuyang'ana mizere ija, nati ndi nati, ndipo akapeza pamene mzere udakali wowongoka amaima n'kuitana wa sipanala.