Mphunzitsi Wosulidwa m'Chingerezi, Wophunzitsa m'Chichewa

Phunziro la Chichewa lili ndi mwayi umene maphunziro ena a kupulayimale alibe. Mphunzitsi wa ku Mchinji ndi mnzake wa ku Mulanje akamaphunzitsa malamulo a chiyankhulo amatchula mawu amodzimodzi: dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu. Mawu amenewa anachita kukonzedwa, nalembedwa m'mabuku monga Zofunika mu Galamala wa Chichewa la I.A.J. Nankwenya, nafunsidwa pamayeso chaka ndi chaka. Koposa zonse, mphunzitsi anawaphunzira kukoleji m'Chichewa chomwecho, kotero kuti pofika m'kalasi anali atawazolowera pakamwa.

Masamu ndi sayansi sizinalandire chisamaliro chotere. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ana a Sitandade 1 mpaka 4 anayamba kuphunzitsidwa m'Chichewa, ndipo Chingerezi chinkatenga malo kuyambira Sitandade 5. M'zaka za m'ma 1990 mabuku a ophunzira a makalasi anayi oyambawo, kupatula a phunziro la Chingerezi, anali m'Chichewa. Koma mabuku a mphunzitsi anali m'Chingerezi, maphunziro a kukoleji ku Karonga, Kasungu, Lilongwe ndi Blantyre ankachitika m'Chingerezi, ndipo chikonzero cha phunziro la tsiku lililonse mphunzitsi ankachilemba m'Chingerezi. Ntchito yomasulira inasiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi, ataima pabolodi, choko chili m'manja, ana akumuyang'ana.

Amene anakonza zimenezi anali ndi chifukwa chawo, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Aphunzitsi ena chiyankhulo chawo chobadwa nacho ndi Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga, ndipo buku la m'Chingerezi linkaoneka ngati losakondera mbali. Komabe maganizo amenewa anatenga kumasulira ngati ntchito yopepuka imene aliyense wodziwa ziyankhulo ziwiri angathe kuichita. Apa ndipo pamene panagona cholakwa.

Mawu akuti kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa anakhazikika, ndipo savuta munthu. Vuto limayamba phunziro likafuna kusiyanitsa zinthu zimene Chichewa cha masiku onse chimazitchula ndi mawu amodzi. Mchere ukathiridwa m'madzi umasungunuka. Mafuta oundana akaikidwa pamoto amasungunukanso. Kukhitchini palibe amene angasokonezeke, koma m'sayansi izi ndi zinthu ziwiri zosiyana: poyamba chinthu chamwazikana m'madzi, pachiwiri kutentha kwasandutsa cholimba kukhala chamadzimadzi. Chingerezi chili ndi mneni wakewake pa chilichonse mwa ziwirizi. Mwana amene anauzidwa kuti zonsezi ndi kusungunuka, mopanda kufotokoza kwina, adzakumana ndi aneni awiriwo m'makalasi apamwamba naganiza kuti ndi amodzi, ndipo adzalephera funso popanda kudziwa pamene walakwa. Mawu akuti mphamvu amasenza katundu wolemera koposa apa, pakuti amatchula kukankha kapena kukoka, amatchula chimene thupi limapeza m'chakudya, amatchulanso magetsi. Mpweya nawo ndi umene wadzaza m'chipinda, ndi gawo lake limene magazi amatenga m'mapapo, ndiponso ndi umene zomera zimagwiritsa ntchito popanga chakudya. Ngakhale theka, limene limaoneka losavuta, pamsika silifuna kuti mbali ziwirizo zifanane ndendende monga masamu amafunira.

Izi sizisonyeza kuti Chichewa n'chosauka. Chiyankhulo chimene chimasiyanitsa m'litali, m'lifupi, msinkhu ndi kuya chikhoza kusiyanitsanso mitundu iwiri ya kusungunuka, chitapatsidwa anthu oti akhale pansi nagwirizana. Pamene mgwirizano wotere palibe, mphunzitsi aliyense amadzipezera njira yake. Wina amabwereka mawu a Chingerezi nawapinda, n'kumati fulakishoni ndi thirayango. Wina amafotokoza mozungulira. Wina amangolumpha mutuwo. Kubwereka pakokha si tchimo, pakuti sukulu, buku ndi choko ndi mawu obwereka, ndipo ana ambiri amawerenga sikisi ndi seveni asanadziwe zisanu ndi chimodzi. Choipa n'chakuti mwana wosamuka sukulu, kapena wongokwera kalasi, amapeza chinthu chomwe chija chikutchulidwa mwina.

Chaka cha 1994 chinakulitsa bala limeneli. Maphunziro a kupulayimale atakhala aulere, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba ntchito aphunzitsi pafupifupi 22,000, ambiri mwa iwo osapita kukoleji, ndipo ochuluka anali ndi satifiketi ya JCE yokha. Ndondomeko ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inkawatengera kukoleji miyezi itatu, kenaka n'kuwabwezera kusukulu zawo kuti akapitirize kuphunzira ali pantchito. Mabuku awo analinso m'Chingerezi. Motero munthu amene Chingerezi chinkamuvuta ndiye anapatsidwa udindo womasulira masamu kwa ana oposa 100, nthawi zina pansi pa mtengo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma denga ili linasenzetsedwa mutu umene unali usanakhwime.

Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamuloli linali ndi chilungamo kwa mwana wa ku Mangochi kapena ku Rumphi, koma silinabwere ndi mabuku, ndipo makoleji sanasinthe kasulidwe ka aphunzitsi. Linafikanso Bungwe la Chichewa, limene linakhazikitsidwa mu 1972, litangothetsedwa kumene, m'malo mwake mukulowa Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi. Bungwe latsopanoli linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, buku lofunika kwambiri kwa alembi ndi akonzi. Koma mtanthauziramawu amalemba mawu monga anthu amawayankhulira. Sagamula kuti m'phunziro la sayansi mawu akuti mphamvu aimire chiti.

Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 Unduna unalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Ena angaganize kuti nkhani ya mawu ophunzitsira inathera pomwepo. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa kumudzi amafika pasukulu ndi chiyankhulo cha amayi ake chokha, ndipo mphunzitsi wofuna kumveka amatembenukirabe ku chiyankhulo chimenecho. Kumasulira kukuchitikabe, kungoti tsopano n'kovuta kupempha kuti kuphunzitsidwe kukoleji, popeza papepala sikukuyenera kuchitika.

Okonza maphunziro ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi akatswiri a ziyankhulo ku Zomba ali m'boma limodzi, ndipo ntchito yoyamba imene angagwirizane si yaikulu. Mutu uliwonse m'buku la mphunzitsi ukhoza kukhala ndi mndandanda waufupi wa mawu ofunika, tanthauzo lake m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina, ndi chenjezo pamene mawu amodzi akubisa zinthu ziwiri. Mawuwo ayambe atoleredwa kwa aphunzitsi amene akhala nthawi yaitali m'makalasi a ana aang'ono, pakuti ambiri mwa iwo anapeza kale njira zabwino zimene sizinalembedwe paliponse. Ndipo wophunzira zauphunzitsi asanalandire satifiketi ayesedwe pofotokoza kusiyana kwa mchere wa m'madzi ndi mafuta a pamoto m'chiyankhulo cha ana amene akawaphunzitse.