Birimankhwe Wopanda Mdani

Anzanga a m'gulu lino la alembi, ndawerenga ndakatulo zonse zimene zatuluka m'makope athu atatu apitawa, ndipo ndapezamo akadzidzi ochuluka kuposa amene ali m'nkhalango zonse za m'boma la Mchinji. Muli akadzidzi, muli afisi, muli chilala, muli mdima wosatha ndi mbandakucha umene sufika. Chimene sindinapezemo ndi munthu amene akudandaulidwayo, kapena mlandu umene wapalamula. Tikamfunsa mlakatuli pamsonkhano kuti kodi fisi wakeyu ndani, iye amamwetulira ngati wosunga chinsinsi cha boma, nayankha kuti ndakatulo simasuliridwa ndi mwini wake. Tonse timagwedeza mitu, ndipo pamapezeka wina wonena kuti mnzathuyu ndi wolimba mtima. Ine ndikuona kuti mau akuti kulimba mtimawa tawatchipitsa.

Kalembedwe kameneka sitinakatole pamseu. Ndi cholowa, ndipo eni ake anakagula pamtengo wowawa. Pamene gulu la alembi la pa Chancellor College linkayamba m'chaka cha 1970, lamulo lokhazikitsa Censorship Board linali litatha kale zaka ziwiri likugwira ntchito. Bungweli linkaletsa mabuku, mafilimu, masewero ngakhale nyimbo zomwe. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa kaamba ka dzina lokhalo. Anthu onga a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande ndi a Frank Chipasula, amene ankakumana kuwerengerana zolemba zao, ankadziwa kuti m'chipinda momwemo mutha kukhala khutu la boma. Tsono anaphunzira kuyankhula mozimbaitsa. Anatenga nthano, miyambi ndi nyama zakutchire nazisenzetsa katundu amene munthu sakanamunyamula poyera. A Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chija chimene anthu a ku Zomba amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi monga zinachitikira mu 1946, ndipo wowerenga wanzeru ankadziwa kuti si madzi okha amene ankakokolola anthu masiku amenewo. A Mapanje anatenga birimankhwe, kanyama kosintha khungu kuti mdani asakaone, nakaika pa dzina la buku lao la mu 1981, Of Chameleons and Gods.

Koma tiyeni tiliwerengenso bukuli, pakuti ambiri a ife timalitama osalitsegula. M'menemo muli ndakatulo yaifupi ya nkhuku zimene zikufunsa mbuye wao. Kale mbuyeyo ankaziteteza kwa akabawi ndi uta ndi legeni. Lero ndi yemweyo amene wagwira mpeni, kuzipha kuti akondweretse mlendo. Palibe mau ovuta m'ndakatuloyi. Itamasuliridwa m'Chichewa ndi kukawerengedwa pabwalo kwathu kwa Kapondo, agogo osadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe akanaimva msanga kuposa ife, chifukwa iwo ndiwo amadziwa chimene chimachitikira nkhuku pakhomo pakafika alendo. Chining'a cha a Mapanje chinali ndi khomo lolowera. Chinkabisa dzina la mbuyeyo, koma mlandu wake chinkauyala pamphasa. Amene analibe mwai wolowa anali okhawo osadziwa Chingerezi, ndipo amenewo ndiye anali ochuluka m'dziko muno.

Ndipo khungu la birimankhwe silinawapulumutse. Bukulo linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo mu 1985. Pa 25 September 1987 a Mapanje anagwidwa ku Zomba, nakakhala kundende ya Mikuyu mpaka mwezi wa May 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, popanda kuwazenga mlandu kapena kuwauza chimene analakwa. A Felix Mnthali anali atalawa kale ndende mu 1976. A Chipasula anali atatuluka kale m'dziko, kuyamba ku Zambia. Anthu amenewa ankadziwa kumene anakwata, ndipo paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Kuzimbaitsa kwao kunali njira yoti mau atuluke, ngakhale mochedwa, ngakhale mokwawa. Ife tatola kukwawako, mauwo tawasiya.

Pali mbali ina ya birimankhwe imene timaiiwala. M'nthano ya makolo athu, iye ndiye anatumidwa ndi Chauta kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Anayenda monyang'wa, mwendo uno kuuganizira, mwendo uwo kuuganizira, mpaka buluzi anampitirira nakafika msanga ndi uthenga wa imfa. Birimankhwe wokhala ndi mdani tingamkhululukire kuchedwa kwake. Nanga uyu wathu, amene akusintha khungu pa nthambi yopanda njoka, akuchedwa chifukwa chiyani?

Ndikafuna kuona kubisala kochita bwino, sindiyang'ana m'mabuku okha ai. Ndimayang'ana pabwalo la gule wamkulu, amene kwathu ku Mchinji amatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, monganso kutsidya kwa malire ku Chipata ndi ku Katete. Zakudambwe sindinena; si za m'magazini. Ndikunena zokhazo zimene aliyense, mwana ndi mlendo yemwe, amaona ndi maso ake mbalule ikalira. Chilombo chikalowa m'bwalo chilibe dzina la munthu, chilibe mudzi, chilibe mkazi kapena apongozi. Palibe amene angachitengere kwa mfumu. Koma chimene chabwera kudzanena sichikhala chobisika ngakhale pang'ono. Chikamatsanzira mwamuna waulesi, kapena wachigololo, kapena wodzikuza chifukwa cha tindalama ta fodya, amayi ovomera nyimbo amaseka akuyang'ana mbali imodzi, ndipo amene akunenedwayo amazolika. Azungu atafika ndi mitanda yao, ansembe a ku Kachebere ndi a m'mamishoni ena atayamba kulimbana ndi gule, pabwalo panatuluka Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya. Anthu sanafune womasulira kuti adziwe amene akutsanziridwa. Chimodzimodzinso nyimbo za pamtondo: mai akamasinja akuimba, satchula dzina, koma apongozi ali pakhonde amamva ndithu kuti musiwo ukugunda iwo.

Apa ndiye pagona kusiyana. Gule amabisa wonena, naulula chonenedwa. Ndakatulo zathu zikuchita chosemphana: dzina la mlembi lili pamwamba m'zilembo zazikulu, ndi chaka chake cha maphunziro chomwe, koma chonenedwa chakwiriridwa pansi pa akadzidzi. Timafuna ulemu wa munthu wonena zoopsa popanda kunena choopsa chilichonse.

Wina asaganize kuti ndikuyesa gule ngati woyera. Chobisa nkhope chimathandiza wolimba mtima, chimathandizanso wankhanza. M'nthawi ya chipani chimodzi zilombo zinkatengedwa pamalole kukavina pamisonkhano ya ndale, ndipo pa nthawi ya riferendamu ya mu 1993 panamveka madandaulo akuti m'madera ena a chigawo chapakati zinkagwiritsidwa ntchito kuopseza ofuna zipani zambiri. Chimene ndikutolapo ine ndi luso lokha, loti womvera asachoke pabwalo asanadziwe chimene chanenedwa.

Tikumbukirenso kuti zolembedwa zimene zinagwedeza dziko lino koposa sizinali ndakatulo. Inali kalata ya maepiskopi a Chikatolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ku Guilleme ndi ku Ludzi monganso ku Limbe ndi ku Mzuzu. Monga cholembedwa, kalatayo ilibe zokometsera. Inanena za malipiro ochepa, za zipatala zopanda mankhwala, za masukulu odzaza, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma palibe ankazitchula. Mphamvu yake inali yomweyo, kuti inazitchula m'chinenero cha anthu, masana, eni ake atasaina maina ao. Boma linaitcha youkira, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, a John Roche a ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko, ndipo ophunzira a ku Chancellor College anayenda pamseu kuikira kumbuyo maepiskopiwo. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 June 1993, anthu anakaponya voti. Sindikuti mlakatuli asanduke episkopi, kapena ndakatulo isanduke kalata. Ndikuti amene amaphunzitsa kuti mau omveka ndi mau osazama awerengenso mbiri ya chaka chimenecho.

Mwina mnzanga wa akadzidzi andiyankha kuti mdani akadalipo, ndipo sanama kwenikweni. Evison Matafale, woimba wa ku Chileka, anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, patapita zaka zisanu ndi ziwiri chilowereni ulamuliro wa zipani zambiri, atagwidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Ndipo chikhazikitsireni lamulo la za pa intaneti la mu 2016, anthu akhala akugwidwa kaamba ka zimene alemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma taonani amene amagwidwa: ndi okhawo amene amveka. Palibe wapolisi amene anataya tulo chifukwa cha ndakatulo imene ngakhale mlembi wake sangathe kuimasulira.

Komanso ndikuganiza kuti si wapolisi amene timamuopa kwambiri. Wophunzira wochokera kumudzi monga ine amaopa kwao. Kunyoza "atsogoleri" m'Chingerezi, uli kukoleji, n'kosavuta, chifukwa atsogoleriwo sawerenga magazini ano, ndipo akanawerenga aliyense akanati akunena mnzake. Koma talembani m'Chichewa za nyakwawa imene yagulitsa dambo la mudzi, za mkulu wa mpingo amene amakongoza chimanga mwa katapira mwezi wa February, za malume amene analanda munda wa ana amasiye. Anthu amenewo ali ndi nkhope, ndipo tchuthi chikafika mukadya nao m'mbale imodzi. Ena a iwo ndi omwe anasonkha ndalama ya basi imene munabwerera kuno. Kumeneko ndiye kuika moyo pachiswe kumene mlembi wa msinkhu wathu angakumane nako, osati Mikuyu, imene masiku a ndende za ndale anatha. Za njala ya mlembi, yoti ndakatulo sizigula ndiwo, sindichulutsa mau. Tonse tikuidziwa, ndipo siisankha wolemba zomveka kapena zosamveka.

N'chifukwa chake mwa zonse za m'makope atatuwa ndaikapo mtima pa ndakatulo imodzi, imene pamsonkhano tinaidumpha mofulumira chifukwa inali ya m'Chichewa ndiponso, monga ananenera wina, "yosavuta". Ndikunena ija ya tenanti wa pa esiteti ya fodya. Mlembi wake sanabwereke nyama iliyonse. Watiwonetsa bambo amene wagwira ntchito chaka chathunthu, kuyambira kunazale mpaka kuchigafa, akudya ndowa za chimanga zangongole. Mabelo atapita ku okushoni ku Kanengo, iye waima pakhomo pa bwana, kapitao akuwerenga m'kabuku: chimanga chakuti, feteleza wakuti, mankhwala a mwana akuti, mpaka chotsala sichikwana ndi basi yobwerera kwao. Ndime yachitatu, pamene mkazi wa tenantiyo akupukuta manja akuda ndi utomoni wa fodya asanalandire ndalama zimene sizibwera, ndi mizere yabwino koposa imene gulu lino latulutsa chaka chino. Aliyense wokulira ku Mchinji kapena ku Kasungu akuwadziwa manja amenewo. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma ndakatuloyi ikufunsa ngati kabuku ka kapitao kanamva za lamulolo, ndipo ikufunsa m'mau oti mwini esiteti atawamva angapse mtima. Mlembiyo akudziwa kuti ena a eni maesitetiwo si azungu kapena nduna ai, koma anthu a kwao konko, opemphera nao tchalitchi chimodzi.

Zolakwika zilimo. Mizere ina yatalika chifukwa chofuna kuti mathero ake amveke mofanana, chizolowezi chimene tinatengera ku ndakatulo za pawailesi ndipo Chichewa sichichifuna. Mau akuti "mavuto" abwera kanayi, pamene ndowa ndi kabuku zanena kale mavutowo. Koma cholakwika chachikulu chili kumapeto. Atatiyendetsa bwinobwino mpaka pakhomo pa bwana, mlembiyo wachita mantha. M'ndime yomaliza tenanti wasowa, kapitao wasowa, ndipo kwatulukira tambala akulira ndi dzuwa likutuluka kum'mawa, lomwe lija la m'ndakatulo zina zonse. Ndikumpempha mnzathuyu kuti ndime imeneyo aichotse, ndakatulo ithere pamene kapitao akutseka kabuku, ndipo aibweretsenso pamsonkhano wa sabata yamawa kuti tidzaiwerenge mokweza.