Chilembo "c" m'Minda ya Tiyi

Ku Aberfoyle m'chigwa cha Honde ndi ku Ratelshoek ku Chipinge, okalamba ena amene anachoka kwawo kukadali Nyasaland akadalemba "cikondi" ndi "Cinyanja". Adzukulu awo, amene anayamwira Chimanyika ndi Chindau, amawaseka kuti sadziwa kulemba. Olakwa ndi adzukuluwo. Kalembedwe kameneka n'ka Buku Lopatulika la 1922. Pamene Chichewa Board inkakhazikitsa "ch" m'malamulo a 1973, eni akewo anali kale kuthyola tiyi ku Rhodesia, ndipo ku Zambia "c" sanachoke n'komwe.

Chodandaulitsa n'chakuti ofufuza amathamangira Gule Wamkulu ndi Beni, pamene makalata ndi makope a nyimbo a nkhalambazi akufumbwa m'masutikesi popanda wowawerenga.